Boti lamatabwa lokhoma pakhomo: mmene lilili patapita miyezi lili panyanja

Boti limene ndinakhoma ndekha kuseri kwa nyumba ku Salima ndi lotalika mamita 4.5, ndipo lakhala likuyenda pa Nyanja ya Malawi kuyambira nyengo ya mwera kufikira dzinja lino. Nthiti zake ndi za mlombwa, thupi lake ndi la plywood ya m'madzi yokhuthala mamilimita 9, kunja konse ndinakuta ndi nsalu ya fibreglass yomata ndi epoxy (guluu wolimba wosalowa madzi), ndipo limakankhidwa ndi injini ya Yamaha ya 15 HP.

Mwera, umene ndinkauopa koposa, sunaliwononge. Mu Julayi mafunde a ku Senga Bay amabwera mothithikana, ndipo popeza pansi pa botili ndi pophwatalala, limadzimenyetsa pamadzi moti wokhala kutsogolo amatsika msana ukuwawa, komabe palibe polumikizira pamene patseguka. Nyanja ikadekha, tili awiri, limadzuka n'kumatsetsereka pamwamba pa madzi. Tikakwera anayi ndi katundu, limangolima madzi uku mafuta akutha.

Zimene zikulidya pang'onopang'ono zili kumtunda. Mchenga wa pagombe unapala penti ya pamsana wa boti mpaka nsalu kuonekera, chifukwa cholikoka tsiku lililonse likachoka m'madzi, choncho ndinakhomerapo kachitsulo kosachita dzimbiri ndi kuyamba kuligubuduza pa mitengo. Dzuwa nalo limafoola epoxy paliponse pamene penti yachoka, malowo n'kusanduka achikasu. Choopsa kwambiri ndi madzi amvula amene amadikha pakati pa nthiti, pakuti madzi odikha amawoletsa thabwa msanga. Masiku ano ndimalivundikira ndi lona, kutsogolo kutakwezedwa kuti madzi azitulukira pachibowo cha kumbuyo.

Thabwa la kumbuyo, pomangirira injini, ndilo lofunika kuliyang'anitsitsa. Pamene zomangira ziwiri za injini zimakanikiza panaoneka timaenje tozungulira ngati ndalama yachitsulo, penti itasweka, ndipo nditabayapo ndi nsonga ya mpeni ndinapeza kuti plywood yayamba kufewa. Ndinapaumitsa, kupamatanso ndi epoxy, kenaka kuikapo chitsulo cha aluminiyamu mbali zonse ziwiri.

Asodzi a padooko, amene poyamba ankati plywood ndi ya siling'i, tsopano amadabwa kuti sindikapa madzi monga amachitira iwo m'maboti awo otseka mipata ndi thonje ndi phula. Komatu pali pamene amandiposa: lawo likabooka, mmisiri amalikonza pagombe pomwepo ndi thabwa ndi misomali, pamene ine epoxy ndimachita kuitanitsa ku South Africa, pamtengo woboola m'thumba.

Kwa wofuna kuwedza ndi mbedza kufupi ndi zilumba za Maleri kapena kuyenda ndi banja m'mawa nyanja ili bata, boti lotere ndi lokwanira. Wofuna kukoka khoka la chilimira asataye nthawi nalo, chifukwa ndi lopepuka kwambiri moti silingapirire kulemera kwa khoka lonyowa ndi anthu olikoka.