Anandigulitsa ngati ndolo, funsani makutu anga

Nyenyezi zitatu, ndipo zitatu zonsezo ndi za katunduyo, mayi ogulitsawo sindikuwapatsa olo imodzi.

Amene mumagula kwa mayi aja a ndolo ndi mikanda ya kaunjika pa Facebook, aja amalemba vintage, kutanthauza zakalekale, pa chilichonse olo lamba wa chaka chatha, mitengo yawo mukuidziwa kale sindibwereza. Ine ndinatenga peyala ya timiyala toyera tonyezimira, tamakona atatu, iwo atalemba okha kuti ndi ndolo zopanira zosafuna khutu loboola. Wakabaza anabweretsa tsiku lomwelo, pamenepo palibe dandaulo.

Nkhani inavuta pa chinkhoswe cha mng'ono wanga. Zinthuzi ndi zolemera, kumbuyo kuli kachitsulo kophwatalala kokhala ndi timano, ndipo sipuling'i yake ndi yolimba ngati msampha wa mbewa. Ndinapirira poganiza kuti kutchena ndi kuvutika basi, koma ankhoswe asanafike n'komwe popatsana nkhuku khutu lamanzere linali litayamba kale kukha magazi, kudonthera pa kolala ya diresi yatsopano, pamaso pa akuchimuna onse, ine mkulu wake wa mkwatibwi amene anthu amayang'ana. Ndinathamangira kuseri ndikuwajambulira mayi aja khutulo pa WhatsApp. Yankho lawo eti "sisi zakale zimaluma, muzolowera". Nditalimbikira akuti mwina makutu anga ndi onenepa. Makutu anga onenepa! Ndalama mwalandira, magazi mwawaona, ndiye mukunena makutu anga? Kuchokera apo ankangowerenga osayankha.

Amene anandipulumutsa ndi azakhali ena akuchimuna, anakhalitsa ku UK akusamalira okalamba. Anandipeza ndikupukuta khutu, anatenga kamodzi n'kukatembenuza, akuti mwana wanga wakupusitsa ndani, izi si za m'khutu, ndi ma dress clip awa, azigogo achizungu amene ndinkawasamalira anali nawo m'timabokosi tawo. Basi anandipanira kamodzi uku kena uku m'makona a khosi la diresi, kamodzi kanabisanso dontho la magazi lija, ndipo abale inu diresi inasintha pompo. Anthu amene anandifunsa tsiku limenelo kuti ndazigula kuti, ndinkayankha monyinyirika chifukwa sindinkafuna kuwapezera mayi aja makasitomala.

Apa ndiye mtima unayamba kutsika pang'ono, chifukwa kunena zoona katunduyu ndi wabwino. Nditafufuza kunyumba ndinapeza kuti zinali m'fasho kwambiri ku America ndi ku Ulaya m'ma 1930 mpaka m'ma 1940, azimayi ankapanira pa khosi la diresi, pa kolala ya jekete, pa lamba ngakhale pa chipewa. Timano tija ndi togwira nsalu kuti chisaterereke. Ndolo yeniyeni yopanira kumbuyo kwake kumakhala kakang'ono kosalala, sikhala ndi mano, ndiye munthu amene amagulitsa zimenezi tsiku ndi tsiku kungotembenuza kokha akanadziwa. Zilipo zina zazing'ono zokhala ndi kopanira kafupi, zimenezo ndi za pa nsapato, ndi zina ziwiri zolumikizidwa ndi katcheni za m'ma 1950 zogwira juzi ukaikoleka pamapewa.

Koma imvani izi. Pa peji yomweyo panali chithunzi cha kafulemu kachitsulo kopanda mwala olo umodzi, kali ndi pini kumbuyo, iwo atalemba kuti bulochi yothothoka miyala, yotchipa (bulochi ndi chokongoletsera chobaya ndi pini pa chovala). Ndikukulitsa chithunzicho ndikuona palembedwa Coro Duette. Coro inali kampani yaikulu ya zokongoletsera zotere ya ku America, fakitale yake ku Providence, ndipo Duette inali njira yawo ya 1931 yoti ma clip awiri uziwalowetsa pa fulemu imodzi n'kukhala bulochi, ukafuna n'kuwachotsanso kuvala padera. Kampani ina, Trifari, inali ndi yake yotchedwa Clip-Mates. Ndiye kuti mayi aja anapeza chinthu chimodzi chathunthu, anachiphwasula, theka n'kundigulitsa ine ngati ndolo, theka linalo n'kulitcha lowonongeka. Nditafunsa za kafulemuko anayankha msangamsanga, foni ija inachira mwadzidzidzi, ndipo ataona kuti ndikukafuna mtengo unakwera kawiri, akuti pali wina wakafunsanso. Bodza lenileni, kanakhala pa peji paja kalekale popanda olo layiki. Ndinagulabe, nanga ndikanatani, zinali zanga kale theka. Ma clip aja analowa bwinobwino n'kugwira kuti gwa, osagwedera, chinthu cha zaka pafupifupi 90 chikugwirabe ntchito kuposa ndolo za mu tauni zimene zimasupuka ukangotuluka thukuta. Mwala umodzi wokha ndi umene wada pang'ono, ndipo azakhali aja anandichenjeza kuti ndisayerekeze kuviika m'madzi, kuseri kwa timiyalati kuli kapepala konyezimira kachitsulo kamene kakanyowa kamada, ndiye ndimangopukuta ndi kansalu kouma.

Ndiye gulani ngati mukufuna, zinthu zabwino amapeza ndithu, kaya amazitola m'mabelo ati. Koma musakhulupirire zimene alemba pansi pa chithunzi, auzeni akujambulireni kumbuyo musanatumize ndalama. Panopa pa peji pawo pali china chachikulu chooneka ngati duwa, kumbuyo kuli minga iwiri yaitali yosongoka ya sipuling'i, chimenecho ndi fur clip yobaya pa chikhoti chaubweya chochindikala, iwo alemba kuti chopanira tsitsi la ana a sukulu. Ndawalembera kuti asinthe asanabaye mwana wa munthu m'mutu, awerenga, sanasinthe.