Jenereta Kapena Mabatire: Magetsi a Kalabu ya Wailesi pa Field Day

Kalabu ya anthu olankhulana pa wailesi za amateur ikayamba kukonzekera Field Day, pamisonkhano anthu amathera nthawi yambiri pa nkhani ya milongoti ndi ma antena, chonsecho chimene chimaimitsa ntchito pakati pa usiku nthawi zambiri chimakhala magetsi. Mwambo umenewu bungwe la ARRL, la anthu a wailesi za amateur ku America, lakhala likuuchititsa kuyambira 1933 ku United States ndi ku Canada, ndipo masiku ano umachitika chakumapeto kwa mwezi wa June, pamene makalabu amamanga mahema pabwalo n'kulankhulana ndi anzawo akutali kwa maola 24 osadalira magetsi a m'nyumba. Choncho komiti iyenera kusankha msanga pakati pa jenereta ya petulo ndi mabatire othandizidwa ndi sola, chifukwa chisankho chimenechi chimakhudza chiwerengero cha mawailesi, mphamvu yake, ngakhalenso mapointi amene kalabu idzapeze polankhulana ndi masiteshoni ena.

Tiyambe ndi masamu, popeza onse awiri amayesedwa ndi muyeso umodzi. Wailesi ya HF (yolankhulira kutali) ya mawati 100 imakoka ma ampu pafupifupi 20 pa mavoti 13.8 pamene ikutumiza mawu mwamphamvu, koma ikamangomvetsera imakoka ampu imodzi kapena awiri. Tikayerekeza kuti pa tsiku lonse ikukoka ma ampu 7 pa avereji, ndiye kuti siteshoni imodzi yokha ifunika 168 Ah (ma ampu kuchulukitsa ndi maola, muyeso wa kukula kwa batire), tisanawerengere kompyuta yolembera amene mwalankhula nawo ndi nyale za muhema. Siteshoni ya FT8, njira yotumizira mauthenga pa wailesi kudzera pa kompyuta, imadya kwambiri kuposa pamenepa, chifukwa imatumiza mosalekeza kwa masekondi oposa 12 pa theka la miniti iliyonse.

Pa masamu amenewa jenereta ilibe mantha. Yaing'ono ya mtundu wa inverter, monga Honda EU2200i, imapereka mawati 1800 mosalekeza, ndipo thanki yake ya malita 3.6 imatha maola pafupifupi 8 ikamasenza gawo limodzi mwa magawo anayi a mphamvu yake. Masiteshoni atatu kapena anayi, makompyuta ndi nyale zonse zingathe kudya pamenepo popanda wina kuwerengera ma ampu. Zovuta zake ndi zodziwika koma si zazing'ono. Pafunika munthu wodzuka usiku kukathira petulo, ndipo injini iyenera kuzimitsidwa ndi kuzizira kaye, zomwe zikutanthauza kuti mawailesi onse athima nthawi imodzi. Utsi wake uli ndi mpweya wakupha umene sununkha, motero iyenera kukhala mamita osachepera 6 kuchokera pa hema, mphepo ikuutengera kwina. Komanso majenereta ena, makamaka otsika mtengo, amaponya phokoso m'mawailesi kudzera mu nthambo, moti munthu womvetsera pa bandi ya wailesi yotchedwa mamita 80 amangomva kusokosera m'malo mwa masiteshoni akutali. Vuto limeneli liyenera kuyesedwa milungu ingapo mwambo usanafike, wailesi ndi antena zili zolumikizidwa monga mmene zidzakhalire patsikulo.

Mabatire ali ndi ubwino umene munthu amaumvetsa akakhala pa wailesi m'bandakucha kuli zii, akumva siteshoni yofooka imene ikanamira m'phokoso la injini. Koma mabatire si ofanana. La mtovu, lofanana ndi limene ambiri timagwiritsa ntchito pa sola kunyumba, siliyenera kutsitsidwa kupyola theka, ndiye la 100 Ah limangopereka 50 Ah, pamene kulemera kwake kumayandikira makilogalamu 30. Choipa china n'chakuti mavoti ake amatsika pang'onopang'ono, ndipo akagwa pansi pa 12 wailesi imayamba kutulutsa mphamvu yochepa ndi mawu osokonekera woyankhulayo asakudziwa. La lithiamu la mtundu wa LiFePO4 la 100 Ah limalemera makilogalamu 12 kapena 13, limasunga mavoti pafupifupi 13 mpaka litatsala pang'ono kutha, ndipo pafupifupi mphamvu yake yonse imagwiritsidwa ntchito. Komabe malinga ndi masamu athu aja, siteshoni iliyonse ifunika awiri otere, ndipo kalabu ya masiteshoni anayi ikhoza kupeza kuti mtengo wa mabatire asanu ndi atatu waposa wa jenereta. Sola imathandiza masana okha, ndipo makontirola ena a sola otchedwa MPPT nawonso amasokosera m'wailesi, choncho asaganiziridwe kuti ndi osalakwa.

Malamulo a mpikisano amapendekera pang'ono ku mabatire. Kalabu imene yakhala pa mawati 5 kapena kucheperapo, popanda jenereta kapena magetsi a m'nyumba, mapointi ake amachulukitsidwa kasanu, pamene ya mawati 100 amachulukitsidwa kawiri. Palinso mapointi 100 apadera kwa amene alankhulana ndi masiteshoni osachepera asanu pogwiritsa ntchito mphamvu ya dzuwa, mphepo kapena madzi. Pa mawati 5 batire limodzi likhoza kukwanira tsiku lonse, ndipo kwa anthu ochepa odziwa bwino Morse njira imeneyi ndi yabwino koposa. Koma kalabu yaikulu imabwera ndi alendo ndi ophunzira, ndipo wophunzira amene waitana kakhumi pa mawati 5 osayankhidwa amachoka atagwa mphwayi. Kwa ine zimenezi n'zolemera kuposa mapointi, chifukwa tsikuli ndi limene kalabu imapezerapo mamembala atsopano.

N'chifukwa chake kalabu ya masiteshoni atatu kapena kuposerapo ndingailangize kutenga jenereta ya inverter ngati tsinde, n'kuika batire la LiFePO4 ndi chaja pa siteshoni iliyonse, kuti pothira petulo mawailesi asathime ndiponso kuti injini izipumako usiku. Komiti ingodziwiratu kuti batire lotchajidwa ndi jenereta mkati mwa mpikisano silipatsa mwayi wochulukitsa kasanu, ndipo siteshoni imodzi yaing'ono ya sola iikidwe payokha kuti mapointi 100 aja asaphonyedwe.