Makampani awiri a fodya: ndalima nawo onse, kusiyana kuli pa abwana

Anzanga a ku kalabu kuno ku Santhe mwanditopetsa ndi funso lomwelomwe, loti chaka chino tilembetse kontrakiti kuti. Lero ndiyankhe kamodzi. Maina sinditchula, ndizingoti kampani yakale, imene ndinaisiya, ndi yatsopano.

Pa feteleza ndi mbewu musataye nthawi, n'chimodzimodzi. Pa mtengo wogulira fodya ku msika wa Chinkhoma ndivomere, yakale inkandiposera pang'ono pa magiredi apamwamba.

Nkhani yanga ili pa mitengo yobzala. Mukukumbukira kuti mu Novembala 2019 dziko la America linalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa m'madoko ake chifukwa cha nkhani yogwiritsa ntchito ana, ndipo mu 2021 lamulo linathetsa ulimi wa matenanti. Chiyambireni apo kampani iliyonse pakamwa ndi uchi: bzalani mitengo, zigafa zisamalize nkhalango, ana apite kusukulu. Koma wolipira ubwino umenewo ndani?

Ku yakale mbande zinafika mu Febuluwale, mvula itayamba kale kudukiza. Lole inazitsitsa m'mbali mwa msewu, anatisonkhanitsa, anatijambula zithunzi titanyamula machubu, tinasaina, basi anapita. Zambiri zinauma dzuwa la Okutobala lisanafike n'komwe. Ine sindinadandaule, ndinkati ndi zaulere. Nditagulitsa mabelo ndi pamene ndinaona pa pepala la malonda mzere wa mbande, pansi pake mzere wina wa lole yomwe inazibweretsa, zonse zadulidwa m'madola. Ndinalipira mitengo yakufa, ndi ulendo wake womwe. Mayi a kunyumba atawerenga pepalalo anangoti, "Ndiye zithunzi zija tinagulanso ndife?"

Mlangizi wathu sanali munthu woipa. Tsiku lina tili awiri anandiuza motsitsa mawu kuti kumsonkhano abwana a dera amamufunsa zinthu ziwiri zokha, makilo angati ndi ngongole yabwezedwa ingati. Za mitengo chimene amafuna ndi chiwerengero cha mbande zogawidwa, choti alembe mu lipoti. Kaya yaphuka kaya yauma, palibe wofunsa. Munthu wotere mungayembekezere kuti awotche petulo wa njinga yake kudzaona mtengo wanu?

Yatsopano nayonso imadula ndalama za mbande, musaganize kuti ndi tchalitchi. Kusiyana n'kwakuti mtengo wake anatiwerengera tisanasaine, ndipo mbande zinafika mu Disembala ndi mvula yobzalira. Chilimwe chitafika mlangizi anabwera ndi kope kudzawerenga mitengo yamoyo, umodzi umodzi, chifukwa abwana ake amamuyeza ndi imeneyo. Abwanawo ndawaonapo kawiri atavala magambutsi m'munda mwa mnzathu. Sindikunena kuti ndi mtima wabwino wokha ayi. Iwo anawerengera kuti wogula wa kunja akakana fodya wathu, phindu la kampani ndi lomwe lithe, choncho bola kuwononga ndalama pang'ono lero.

Pa ana nawonso sachita nthabwala. Nthawi yosoka fodya amatulukira osalawira, ndipo akapeza mwana pa chigafa tsiku la sukulu amalemba dzina la mwini munda. Ku yakale fomu ya ana tinkasainira pansi pa mtengo wa mango kamodzi pa chaka.

Choipa cha yatsopano? Ndi aukali pa zinyalala. Kachingwe kamodzi ka pulasitiki m'belo akubwezerani, mukamasulenso ndi kudindanso pa jeke ndi ndalama yanu. Zinandichitikira, ndinatukwana njira yonse.

Komabe ine ndikulembetsa komweko. Mwina ndi chizondi cha mbande zija, sindikana. Inu mukapita kolembetsa, mutengereni mlangizi pambali mumufunse kuti abwana ake amamufunsa chiyani Lolemba m'mawa. Ine tsiku limene adzawasamutse abwana a magambutsiwa ndidzafunsanso chimodzimodzi ndisanasaine.