MinION m'fakitale yokonza nsomba ku Mangochi: imathandiza pati, imalephera pati

Chambo chikayamba kununkha msanga chili pa ayezi, eni fakitale amafuna kudziwa pomwe mabakiteriya akulowera: m'madzi otsukira, pathabwa lotumbulirapo, m'makina opangira ayezi kapena m'ngalande ya pansi. MinION, kachipangizo ka kampani ya Oxford Nanopore Technologies ya ku England, kamayankha funso limeneli powerenga DNA ya tizilomboto. Mtundu wa Mk1B umalemera magalamu 87 ndipo umalumikizidwa ku kompyuta ndi USB. Kanayamba kufika kwa ofufuza mu 2014, ndipo mu 2015 kanagwira ntchito yotsata Ebola ku Guinea.

Ntchito yeniyeni imayambira pakutenga sampulo. Pukutani ndi swabu (kathonje kotengera sampulo) malo a masentimita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi, ndipo swabuyo ikhale ndi mankhwala ofooketsa klorini ngati mwangotsuka kumene. Madzi ndi ayezi wosungunuka amasefedwa pa sefa ya 0.22 µm. Swabu imodzi muitsegule osapukuta chilichonse, iyende ulendo wonse pamodzi ndi zinzake. Imeneyi ikaonetsa mabakiteriya ambiri, dziwani kuti dothi lalowera m'labu mwanu ndipo zotsatira za tsikulo n'zokayikitsa.

Potulutsa DNA pamafunika kuswa maselo ndi timikanda togwedezedwa mwamphamvu. Ambiri amadumpha gawoli. Listeria ali ndi khungu lolimba, ndiye mukangodalira mankhwala okha, iye saoneka mokwanira pa zotsatira, chonsecho ndi amene amatha kuswana ngakhale m'chipinda chozizira cha 4°C. Kenako mankhwala otchedwa 16S Barcoding Kit amachulukitsa jini ya 16S, yomwe imathandiza kuzindikira mtundu wa bakiteriya, yotalika pafupifupi zilembo 1,500, kudzera mu PCR (njira yochulukitsira DNA), ndipo masampulo 24 amalowa mu flow cell imodzi, kachigawo kolowetsa mu MinION komwe kali ndi tiziboo towerengera DNA. Kuyambira m'mawa, mayina a mabakiteriya amatha kuoneka pa pulogalamu ya pa kompyuta ya EPI2ME tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Kumeretsa Salmonella m'mbale mpaka kutsimikiza kumadya masiku angapo.

Apa ndi pomwe kachipangizoka kamabweza ndalama zake. Mukapukuta malo omwewo mwezi ndi mwezi, mumayamba kuona chizolowezi cha fakitale yanu. Pseudomonas ndi Shewanella, omwe amawoletsa nsomba zosungidwa pa ayezi, akamachuluka m'ngalande kapena m'mikwingwirima ya thabwa lakale, mumasintha thabwalo ndi kukwecha ngalandeyo makasitomala asanayambe kubweza katundu. Aeromonas akaoneka wochuluka m'ayezi mofanana ndi m'madzi a m'nyanja, pitani mukaone posefera ndi pothira klorini.

Koma flow cell ndi yosachedwa kuwonongeka, ndipo Mangochi sakuichitira chifundo. Imasungidwa pakati pa 2 ndi 8°C, osaumitsa. Ikafika, iyezeni ndi MinKNOW, pulogalamu yoyendetsera MinION, nthawi yomweyo: yatsopano iyenera kukhala ndi tiziboo tamoyo tosachepera 800. Ulendo wochokera kunja, kudikira pa kasitomu, kenako msewu wa Liwonde dzuwa la Okutobala lili pamutu, zonsezi zimadya tiziboo. MinION imadzisunga yokha pa kutentha komwe imafuna, koma m'chipinda chopanda makina oziziritsa nthawi ya chilimwe imalephera kutsika ndipo kuwerenga kumasokonekera. Magetsi akazima pakati pa ntchito, firiji ndi makina a PCR zimaima, kotero batire la sola kapena jenereta si zosankha. Kathovu kamodzi ka mpweya kakalowa mu flow cell pothira madzi oyambira kamapha tiziboo tonse tomwe kadutsapo. Kokani kaye timadzi pang'ono ta mu flow cell ndi pipeti (kachida koyezera timadzi), mamaikulolita (µl) 20 mpaka 30, kuti mpweya utuluke musanathire chilichonse.

Palinso zomwe 16S siinganene. Siisiyanitsa bakiteriya wamoyo ndi wakufa, ndiye tebulo lotsukidwa bwino ndi klorini likhoza kuonetsabe DNA yambiri. Mankhwala a PMA, omwe amatsekereza DNA ya mabakiteriya akufa kuti isachulukitsidwe, amachepetsako vutoli, osati kulithetsa. Imasokoneza E. coli ndi Shigella. Imatchula gawo la mtundu uliwonse pakati pa anzake, osati kuchuluka kwake pa galamu ya nsomba. Nkhungu ya pa usipa wouma siioneka n'komwe, imafuna kuwerenga gawo lina la DNA lotchedwa ITS. Ndipo m'boma la Mangochi, lomwe linavutika ndi kolera mu 2022 ndi 2023, dzina loti Vibrio, gulu lomwe muli kachilombo ka kolera, likatuluka pa kompyuta anthu amanjenjemera, pomwe 16S siiuza ngati kachilomboko kali ndi jini ya poizoni ya ctxA. Zimenezo zimafuna mayeso ena, ndipo kuti mutsimikize kuti Listeria wa m'ngalande ndi yemweyo wa m'nsomba, mumayenera kumeretsa kachilomboko kaye, n'kuwerenga DNA yake yonse.

Zotsatira za MinION sizilowa m'malo mwa mayeso a Malawi Bureau of Standards. Ndi chida chofufuzira m'nyumba mwanu momwe. Kachipangizoko pakokha si kodula kwambiri. Zodula ndi ma flow cell olipiridwa m'ndalama zakunja, makina a PCR, Qubit yoyezera DNA, ndi munthu wodziwa kugwira pipeti. Fakitale yaikulu yokhala ndi chipinda chozizira komanso masampulo okwana 24 nthawi imodzi ikhoza kugula. Wokonza nsomba zochepa ku Makawa kapena ku Monkey Bay angachite bwino kusonkhanitsa maswabu ndi anzake, kuwasunga pa ayezi, n'kuwatumiza ku labu yomwe ili kale ndi makinawa ku Blantyre.