Maiki a karaoke opanda chingwe: VHF, UHF kapena aja a Bluetooth?

Chichitikire zija za ku Makawa kuno ku Mangochi, pomwe maiki yanga yopanda chingwe inandichititsa manyazi pa phwando, anzanga sakundipatsa mpata pa WhatsApp. Aliyense akufuna kudziwa kuti agule maiki ati oimbira karaoke, poti amva kuti ine ndinapsa kale. Ndatopa kuyankha mmodzimmodzi, ndiye ndalemba kamodzi. Ndikunena za maiki otchipa omwe timagula kuno ku Mangochi kapena kutumitsa ku Limbe, ogwiritsa ntchito ndi sipika ya matayala ija, mawu a nyimbo tikuwerenga pa foni kapena pa TV.

Ndiyambe ndi ija ana amaikonda, maiki yonyezimira yokhala ndi kasipika kake pakhosi. Bluetooth yake ndi yolandirira nyimbo kuchokera pa foni, ndipo mawu anu amatulukira pa kasipika komweko. M'chipinda, anthu anayi, imasangalatsa. Mukaitulutsa pakhonde, mphepo ya kunyanja ikuwomba, amene ali kumbuyo amangoona milomo ikugwedera. Ena amaganiza kuti ailumikiza ku sipika yaikulu kudzera pa Bluetooth. Zambiri sizilola n'komwe, ndipo ngakhale zitalola, Bluetooth imachedwetsa mawu, mumadzimva mukubwera pambuyo pa nyimbo ngati munthu wochedwa basi. Eko yake nayo ndi yokokomeza. Muwagulire ana pa Khirisimasi kapena pa Eid, koma musapite nayo pagulu.

Tsono ya VHF, yomwe ndili nayo mangawa. VHF ndi UHF ndi mitundu ya mafunde a wailesi omwe maiki imatumizira mawu.

Ndinagula seti ya maiki awiri ndi bokosi la risiva, lolandira mawu kuchokera ku maiki n'kuwapereka ku sipika, lokhala ndi timaeriyo tiwiri tokoka ngati ta wailesi yakale. Wogulitsa anaiyesa m'sitolo momwemo, ikulira bwino. Chimene sanandiuze, ndipo ine sindinafunse, n'chakuti maiki iliyonse inali ndi tchanelo chimodzi chokhazikika, chosasinthika. Nambala yake inalembedwa pa kapepala komata pansi pa bokosi, ine ndinkaiona ngati nambala ya fakitale basi.

Tsiku lake linali Loweruka, ku Makawa kuja, phwando la mwana wa mchemwali wanga atakhoza mayeso a Fomu 4. Kuseri kwa mpanda wa udzu, nyumba yoyandikana nayo, kunali chinkhoswe. Mtsikana wathu anatenga maiki, nyimbo yomwe anaiyeserera sabata yonse inayamba, amalume ake takhala pamipando, agogo ake pamphasa. Ndime yoyamba inayenda bwino. Pofika pa kolasi mawu ake anayamba kudukaduka, kenako sipika yathu inalankhula ndi mawu a bambo, okuluwika bwino: a kuchimuna onse aimirire, tiyambe ndi ma K500! Anthu anagwa ndi phwete. Agogo anafunsa ngati mwanayo wagwidwa ndi mizimu. Mtsikana anaika maiki pansi n'kuthawira m'nyumba, ndipo sanatulukenso mpaka nthawi ya chakudya. Ine ndinazimitsa, kuyatsa, kukoka timaeriyo, kusuntha bokosi, koma perekaniperekani wa eni ake ankangobwerera m'sipika yathu mpaka dzuwa kulowa.

Mnyamata wina wokonza mawailesi ndi amene anandimasulira. Maiki otchipawa amatumiza mawu mwa njira ya FM, ngati wailesi. Maiki awiri akakhala pa tchanelo chimodzi, risiva siisakaniza mawu awo, imagwira yamphamvuyo n'kutaya yofookayo. Anzathu a chinkhoswe anali ndi seti yofanana ndi yanga, mwina yochokera m'katoni imodzi. Poyamba maiki yathu inkapambana chifukwa inali pafupi, koma mabatire atayamba kufooka, ya kuseri kwa mpanda inalanda bwalo. Ndiye ganizani: masitolo athu amaoda katundu kumalo amodzimodzi, ndipo Loweruka lililonse kuyambira ku Mpondasi mpaka ku Monkey Bay kuli zinkhoswe, maukwati ndi misonkhano. Mwayi woti mnansi wanu ali pa nambala yanu si waung'ono. Chowawa n'chakuti palibe batani loti muthawirepo.

Kunena chilungamo, vuto si VHF payokha, vuto ndi tchanelo chokhazikika. Kungoti maseti otchipa a VHF omwe ndawaona onse ndi otero. Ngati mumakhala kumunda kwanokha cha ku Namwera, ikutumikirani bwino. Ine sindidzagulanso.

Yomwe ndikugwiritsa ntchito pano ndi ya UHF, yokhala ndi karisiva kakang'ono ngati chala chachikulu, kokhala ndi pulagi ya 6.35 mm yomwe mumangoibaya pa bowo la maiki pa sipika. Pa maiki pali kagalasi kosonyeza nambala ndi batani losinthira. Mukamva phokoso kapena mawu achilendo, mumadina, maiki imasamukira pa tchanelo china, risiva n'kuitsatira. Pa zimenezi zokha ndinaikhululukira zina zonse. Zofooka zilipo ndithu: thupi lake ndi pulasitiki yopepuka, mukaigwiragwira m'manja phokoso lake limamveka m'sipika, ndipo mamita omwe analemba pa katoni musawakhulupirire. Pabwalo loyera imafika patali ndithu, koma pakati pakakhala khoma la njerwa kapena khamu la anthu ovina, imayamba kudula. Samalani, ziliponso za UHF za tchanelo chimodzi. Zilembo zitatuzo pa katoni sizikwanira, muone batani ndi maso anu ndipo mulidine.

Ndalama yobisika ili pa mabatire. Seti ya VHF ija inkadya mabatire a AA awiri pa maiki iliyonse, anayi pa phwando limodzi. Aja otchipa a pa benchi, opangidwira tochi ndi wotchi ya pakhoma, samachedwa kufooka, ndipo ndi omwe anandigwetsa ulesi tsiku la chinkhoswe lija. A alkaline amapirira, koma muwerengere mtengo wake Loweruka lililonse kwa chaka, mupeza kuti mwagula seti ina. Chitsikire mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chochokera kunja chimaluma, mabatire omwe. Ya UHF yanga ili ndi batire lotchaja la lithium, la mtundu wotchedwa 18650, lomwe limachoka. Ndinagula lachiwiri, limodzi likamagwira ntchito lina lili pa pawabanki. Karisiva nakonso n'kotchaja ndi chingwe cha USB, ndiye magetsi akathima timapitiriza ndi batire la sipika, pomwe bokosi la VHF lija linkafuna soketi, ndipo adaputa yake inali ya mano awiri pamene masoketi athu ndi a mano atatu. Chenjezo limodzi: musaisiye m'galimoto yotseka padzuwa la Okutobala la kuno, batire la lithium silimvana ndi kutentha.

Timaiki tija ta mafunde a 2.4 GHz tomata pa kolala, ta ojambula TikTok, si ta karaoke. Timatola mawu mbali zonse, ndiye mukayandikira sipika imalira tswii mpaka ana kutseka makutu. Komanso timagawana mafunde ndi Wi-Fi, zomwe zingavute pa malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja.

Za dzina pa katoni, musatengeke. Mudzaona maiki opanda chingwe olembedwa Shure, dzina la kampani yotchuka yopanga maiki, pa mtengo wa thumba la chimanga. Shure yeniyeni, ngakhale SM58 ya chingwe yomwe akhala akuipanga kuyambira 1966, siigulidwa motero. Bola yopanda dzina yomwe mwaiyesa nokha. Pitani ndi sipika yanu ngati n'kotheka, muyatse maiki onse awiri nthawi imodzi, wina atuluke nayo mpaka pamsewu akulankhula, ndipo musinthe tchanelo kawiri katatu muone ngati risiva ikutsatira.

Ndiye achimwene ndi achemwali amene mumandifunsa, gulani ya UHF yosintha tchanelo, ya batire lochoka, ndipo m'chikwama muikemo maiki imodzi ya chingwe. Ija ya VHF ndinaiponya pamwamba pa wadiropu. Mlamu wanga anabwera kudzaibwereka mwezi watha kuti akagwiritse ntchito pa chinkhoswe cha mng'ono wake, ndinamupatsa ndi mtima wonse, mabatire akagula yekha.