Kochapitsa zovala pa Lower Main Road, Observatory

Ndimagwira ntchito pa hostel ina ku Observatory, Cape Town, kuyala mabedi, kukolopa, pena pa risepishoni usiku. Mashini athu ochapira akafa timanyamula mabedishiti kupita pa shopu ina yochapa pa Lower Main Road. Amatchaja pa kilo, ukasiya m'mawa madzulo umapeza zauma zapindidwa bwinobwino, ndiye mu June ndi mvula ya kuno yosatha ija kuyanika panja nkosatheka, amatipulumutsa zedi. Mayi wa pakauntala ndi ochezeka kwabasi. Chondinyasa nchoti zoyera ndi zamitundu amangophatikiza ukapanda kuwauza, matawulo ena anabwera apinki abwana nkukalipira ine. Sopo wawonso fungo lanyanya, alendo ena amadandaula. Koma mtengo uli bho, ndimapitabe.