Mchira wopendekera: ndege ya aluminiyamu kapena ya mapaipi ndi nsalu?

Ife okonda zouluka kuno ku Tete ndife ochepa, ndipo aliyense wa ife amene amalakalaka kandege kakekake amadziwa kuti msika wake uli ku South Africa, kumene ndege zomangidwa ndi anthu kunyumba kwawo zimakhala ndi nambala zoyamba ndi ZU. Zimene thumba lathu lingakwanitse zili m'magulu awiri: za aluminiyamu wokhomedwa ndi maliveti, monga RV-6 ya kampani ya Van's ndi CH 701 ya kampani ya Zenith, ndi za mapaipi achitsulo owotchereredwa n'kukutidwa ndi nsalu, monga Kitfox. Ambiri amaziyerekeza pa liwiro ndi pa kamwedwe ka mafuta, koma ine ndikufuna kuziyerekeza pa mchira, chifukwa mchira wopendekera sutanthauza chinthu chimodzi pa mitundu iwiriyi, ndipo wogula amene sadziwa kusiyanaku akhoza kukana ndege yabwino n'kutenga yovulala.

Maso okha sathandiza pa nkhaniyi, ndipo zithunzi za pa WhatsApp zimanamiza kwambiri. Ndege iyenera kulowa m'hangala, nyumba yosungiramo ndege, mopanda mphepo, iikidwe molingana potsatira malo amene mapulani ake akunena, kenako mutsitse chingwe cha mmisiri womanga nyumba, chija kuno timati prumo, kuchokera pakati penipeni kutsogolo ndi kumchira, n'kulemba mzere pansi. Ndi tepi muyeze kuchokera pa malo amodzi apakati kufika pa nsonga iliyonse ya kaphiko kopingasa ka kumchira, ndipo ndi levulo muone ngati kaphikoko kagona mofanana ndi mapiko akuluakulu. Musanadandaule za chipsepse choimirira cha kumchira, werengani kaye mapulani, pakuti pa ndege zina wojambula anachipotozako pang'ono mwadala kuti chilimbane ndi mphepo yozungulira yochokera ku pulopela.

Pa ndege ya aluminiyamu, mchira wopendekera kawirikawiri ndi chilema chobadwa nacho. Omanga RV amayamba ndi mchira, ndiye kuti ntchito ya munthu amene anali asanazolowere kugwira chiboolero ndi imene ili kumbuyo kwa ndegeyo. Pa RV-6 yakale womanga ankadzipangira yekha chimango chogwirira zidutswa ndi kudziboolera yekha zibowo, pamene RV-7, imene inatuluka mu 2001, imabwera ndi zibowo zambiri zoboola kale ku fakitale. Ngakhale zili choncho, pa zonse ziwirizi zibowo zomangira mchira ku thupi la ndege amaboola ndi womanga, ndipo apa ndi pamene pagona vuto. Chibowo chikalakwika sichisuntha. Lamulo limene amisiri a ndege amatsatira ndi lakuti pakati pa chibowo patalikirane ndi m'mphepete mwa chitsulo kawiri kukula kwa bawuti kapena liveti, ndipo zitsulo zimene zimanyamula mchira wa RV n'zopyapyala moti malo olakwitsira ndi ochepa kwambiri. Choncho kupendekera kwenikweniko sikundiopsa kwambiri ngati mmene zimandiopsera zimene womanga anachita pofuna kukubisa: chibowo chokulitsidwa, zibowo ziwiri zogundana, kapena tizitsulo tovundikira tosalembedwa m'buku la mbiri ya ndege. Chotsani chophimba cha pamene mchira wakumana ndi thupi, muunike ndi tochi ndi kalilole. Pomwepo funsaninso ngati anatsatira chenjezo la Van's la mu 2014, la nambala 14-01-31, lonena za ming'alu pa mtanda wakutsogolo wa kaphiko kopingasa ka RV-6, RV-7 ndi RV-8.

CH 701, imene Chris Heintz anaijambula kuti itere pa mabwalo aafupi, ili m'gulu lomweli koma ili ndi khalidwe lake. Chipsepse chake chonse ndicho chiwongolero chokhotetsera ndege, chimatembenuka chathunthu, kotero chimene muyenera kuyang'ana ndi mahinjesi ake ndi tizitsulo togwirira kaphiko kopingasa pamwamba pa thupi. Maliveti ake ndi okoka ndi chida cha pamanja, osavuta kuchotsa, ndipo kukonza kwake n'kopepuka kusiyana ndi RV.

Kitfox ndi nkhani ina. Thupi lake limawotchereredwa ku fakitale m'chimango, ndipo chipsepse choimirira ndi mbali ya thupilo, sichichita kumangidwa ndi womanga. Kaphiko kopingasa kamachirikizidwa ndi tindodo tiwiri ta pansi tokhala ndi mazinga kumapeto, ndiye ngati mbali imodzi yatsika, mmisiri amapotokola kandodo, n'kuyezanso, ntchito n'kutha tsiku lomwelo. Apa Kitfox ikuposa RV kutalitali. Koma tembenuzani nkhaniyo: ngati chipsepse, chimene chinatuluka ku fakitale chili chowongoka, lero chapendekera, ndiye kuti thupi linapindika ndege itamangidwa kale. Pa ndege ya gudumu la kumchira chimene chimachititsa zimenezi kawirikawiri ndi kuzungulira mwadzidzidzi potera, mchira n'kupita kutsogolo, kapena kugwetsa mchira mwamphamvu pa bwalo la mabampu. Makwinya odutsa chopingasa pa nsalu ya kumbuyo ndi umboni, ndipo nsalu yatsopano yowala kumchira kokha, pamene kwina konse ndi yakale, iyenera kukukumbutsani za chikomekome cha nkuyu. Mapaipi a pansi a kumchira ndiwonso amasunga madzi pa ndege yoima chogwada, choncho dzimbiri limayambira kumeneko, m'kati mmene diso silifika.

Ndinayenderapo ndege ya mtundu umenewu imene mwini wake ananditsimikizira kuti imauluka mowongoka munthu atachotsa mapazi pa zopondera za chiwongolero, ndipo sananame, inaulukadi choncho. Titatera ndinaona kuti kumapeto kwa chiwongolero anakhomako trim tab yaikulu yopindidwa kwambiri, kachitsulo kothandiza ndege kuuluka mowongoka, ndipo titatsitsa chingwe tinapeza kuti chipsepse chachoka pa mzere. M'buku la ndegeyo munalibe mawu alionse a ngozi. Zinandipweteka, chifukwa ndinali nditaikonda ndipo ndinali nditawononga ndalama za ulendo, koma ndinaisiya. Kachitsulo kotere kamalinganiza ndege pa liwiro limodzi lokha, ndipo sikachiritsa paipi yopindika.

Tsono ganizirani kumene ndegeyo ikubwera kudzakhala. Zida za RV zimachokera ku Oregon ku America, ndipo kufika nazo ku bwalo la ndege la Chingodzi kuno ku Tete ndi ulendo wa ndalama ndi nthawi, komabe zikafika ntchito yake ndi yodziwika: kuchotsa chitsulo cholakwika, kuika chatsopano, kuboola molondola. Kuwongola thupi la Kitfox kumafuna kung'amba nsalu, chimango choyezera, ndi munthu wodziwa kuwotcherera paipi yopyapyala ya chitsulo cha 4130, ndipo luso limeneli si lofanana ndi la amisiri athu owotcherera zitseko ndi ngolo ku Moatize, ngakhale ali akatswiri pa ntchito yawo. Mabwalo a dothi a kumtunda kuno, monga ku Angónia, amagwedeza mchira tsiku lililonse, ndipo pamene panali kale kufooka ndi pamene mng'alu umayambira. Musaiwalenso kufunsa a IACM, bungwe loyang'anira za ndege m'Mozambique, zimene adzafune poilembetsa ndegeyo kuno musanapereke randi ngakhale imodzi.

Kuyika zonse pamodzi, Kitfox ya kaphiko kopingasa kotsika mbali imodzi, koma thupi lili pa mzere, ndingaigule mosakayika ndipo ndingatsitsirepo mtengo. RV yopendekera pang'ono ndingaigule pokhapokha mmisiri wosakhala mnzake wa wogulitsa ataona zibowo zonse za mchira, miyezo n'kutumizidwa kwa opanga zida zake kuti anene ngati ili yololeka. RV ya zibowo zokulitsidwa ndingaiwerengere mtengo wa mchira watsopano ndisanayambe kukambirana. Kitfox ya chipsepse chopendekera, imene buku lake silinena chimene chinachitika, sindingaitenge ngakhale mwini wake atatsitsa mtengo ndi theka.